Babu Lopepuka

Pa mabanja onse amene tinkachita lendi m'bwalo limodzi m'tauni ya Koforidua, la Agya Ofosu ndilo linali losiririka. Sindikunena za chuma ayi, zipinda zawo zinali zitatu basi. Koma m'mawa uliwonse, ife ena tikukanganirana malo pampopi, m'nyumba mwawo munkamveka nyimbo ndi pemphero. Agya Ofosu anali okonza magetsi komanso mkulu wa mpingo. Akazi awo, Maame Korantemaa, ankagulitsa kenke, nsima ya chimanga chowawasa yokulunga m'masamba, ndi nsomba zokazinga pamphambano. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Adubea, ndipo ine ndinamuphunzitsa Sande sukulu kuyambira asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Zambiri zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso angawa, zotsalazo anandiuza Adubea mwini wake akulira.

Agya Ofosu anali ndi khalidwe limodzi limene tonse tinkawaseka nalo. Sankagula babu asanaliyeze kulemera m'dzanja. Ogulitsa mababu amakhala ndi thabwa la mawaya, ndipo usanalipire amalowetsapo babu lija kuti uone kuti likuyaka. Ife tikaona layaka timatulutsa ndalama. Iwo ayi. Tsiku lina ndinawapeza pamsika akuphunzitsa mwana wawo.

"Tambasula manja," anamuuza, n'kumuika babu kudzanja ili, lina kudzanja linalo. "Lolemera ndi liti?"

"Ili, Paapa."

"Limenelo m'kati mwake muli zoteteza. Magetsi athuwa akathima, pobwerera amabwera ndi ukali, ndiye lolemeralo limapirira. Lopepukalo m'kati mulibe kanthu. Pathabwa liyaka bwinobwino, onse awiri alemba kuti sadya magetsi ambiri, koma limodzi usadzalilowetse m'nyumba mogona anthu. Wamva?"

"Ndamva, Paapa."

Anamvadi. Mukumbukire zimenezo, chifukwa pa nkhani yonseyi palibe pamene Adubea anachita chinthu mosadziwa.

Chaka chimene Adubea anamaliza sekondale, Agya Ofosu anagwa ali pantchito. Atabwerako kuchipatala, mbali yonse ya kumanja inali itafa, ndipo mawu anali atapita. Chimene chinatsala ndi maso awo akuthwa aja ndi dzanja lamanzere. Ankagona tsiku lonse pabedi lachitsulo, pansi pa neti ya udzudzu, akuyang'ana kudenga kumene kunkalendewera babu.

Koma munthu wozolowera ntchito sakhala chabe. Kwathu kuno magetsi akathima, nyumba iliyonse imasiya swichi imodzi yosazimitsa kuti idziwe akabwera. Ya m'chipinda cha Agya Ofosu inkakhala choncho usana ndi usiku, ndipo popeza iwo ndiwo ankayang'ana kudenga nthawi zonse, ankayamba ndiwo kuona. Babu likangoti ng'ani, ankatenga supuni n'kumenya chitsulo cha bedi: ngwe! ngwe! ngwe! Bwalo lonse linkadzuka. Wina kukatchaja foni, wina kukasita, wina kukayatsa firiji, ana akufuula. Tinkayankha tili m'zipinda mwathu kuti, "Tamva, Agya! Zikomo!" Supuni imeneyo inali ntchito yawo yotsiriza, ndipo ankaigwira monyadira.

Ntchito yogula zinthu za magetsi inagwera Adubea. Tsiku lina mababu awiri atapsa, mayi ake anamupatsa ndalama.

"Upite kusitolo ija bambo ako ankagulako, kuseri kwa positi ofesi. Ugule atatu abwino aja, limodzi ndi la m'chipinda mwawo. Usayime panjira."

Anayima panjira. Pafupi ndi pokwerera maminibasi panali tebulo la mnyamata wina wotchedwa Kissi, wa tcheni m'khosi ndi pakamwa potsekemera. Thabwa lake linkakhala ndi mababu khumi oyaka masana dzuwa likuswa mtengo.

"Ei, mwana wa Agya Magetsi!" anamuitana. "Ukudutsa ngati sukundidziwa? Ndikudziwa kumene ukupita. Kumeneko akakumeta popanda madzi. Mtengo wa limodzi la kumeneko, pano utenga anayi."

"Paapa amati anuwa ndi opepuka, Bra Kissi."

"Opepuka! Ukufuna kuunikira kapena kusinjira tsabola? Taona." Analowetsa limodzi pathabwa, likuwala mbee. "Kuwala kumeneku n'kwabodza? Tandiuza, ndi kwabodza?"

"Maa akaona kabokosi adziwa."

Kissi anaseka, n'kuwerama pansi pa tebulo. Anatulutsa timabokosi titatu ta mababu abwino aja, topanda kanthu, toyera ngati tatsopano. "Vuto ndi kabokosi? Amayi ako amawerenga kabokosi, samawerenga babu. Nyumba iwala, iwe chenji chikhala chako, wabedwa ndani pamenepa? Mtsikana wokongola ngati iwe n'kumayenda makutu ali pululu, opanda ndi ndolo zomwe! Anzako akuseka, sista."

Adubea anatenga babu limodzi m'dzanja. Linali lopepuka ngati chikoko cha dzira. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuliika yekha m'kabokosi. Pobwerera kunyumba anali ndi ndolo m'thumba ndi nthochi zokazinga za tsabola m'kamwa.

Atalowa m'chipinda cha bambo ake ndi kampando kokwerapo, Agya Ofosu anatambasula dzanja lawo lamanzere kuti aliyeze kaye monga mwa nthawi zonse. Adubea anachita ngati sanaone.

"Mugwetsa, Paapa. Gonani, ndikuikirani."

Analiika, linayaka. Dzanja lija linakhala m'mwamba kanthawi, kenako linatsika pang'onopang'ono.

Sipanathe mwezi, la kukhitchini linapsa.

"Kodi mababu a masiku ano bwanji?" anadandaula Maame Korantemaa akukulunga kenke. "Nthawi ya bambo ako limodzi linkatha chaka ndi miyezi."

"Ndi magetsiwa, Maa. Akuthimathima kwambiri."

"Nanga ndolo izo zachokera kuti?"

"Mnzanga wandipatsa."

Mayi ake anasiya zimene ankachita n'kumuyang'ana. "Adubea, m'nyumba muno tilibe zambiri, koma chilichonse chili muno ndikhoza kuima pakati pa mpingo n'kunena kumene chinachokera. Usandibweretsere chinthu chopanda kwawo. Ukafuna kanthu pempha, ndikakana upirire."

"Ndamva, Maa."

Mawa lake anabwereranso kwa Kissi. Ulendo uno mtima sunagunde n'komwe.

Kissi anali ataona kale kuti wapeza mgodi. "Iwe ukusewera ndi chenji cha ana," anamuuza. "Ukudziwa chimene uli nacho? Dzina. Mwana wa Agya Ofosu akanena kuti babu ili ndi labwino, ndani angatsutse? M'bwalo mwanu muli zitseko zingati? Kutchalitchi kwanu kuli azimayi angati? Foni ija umaisuzumira pawindo la sitolo ija, miyezi iwiri yokha ikhala m'manja mwako. Koma uzitolera timabokosi, usamasiye ndi kamodzi komwe."

Motero Adubea anayamba kugogoda pa zitseko zathu, mwaulemu wake uja, maondo opinda pang'ono. "Madamu, ndikupita kumene Paapa ankagula mababu, amandichotserako pang'ono. Ndikugulireni?" Tonse tinamupatsa ndalama, ineyo woyamba. Ankabwera n'kutiikira yekha, ife n'kumadalitsa mwana wakhama. Pochoka ankapempha kabokosi, ati bambo ake amakonda kusungiramo timisomali. Ndikakumbukira mmene ndinamuthokozera, mpaka kumupatsa malalanje, ndimapsa mtima ndi kupusa kwanga.

Madzulo ena ndikuchonga makope a ana, babu la m'chipinda mwanga linayamba kulira ngati udzudzu. Kenako phu! Tizidutswa tinagwera patebulo, ndipo kadontho ka pulasitiki yosungunuka kanaboola kope la mwana wina. Fungo lake linali loipa, lokanda pakhosi. Nditalichotsa litazizira, ndinaona kuti m'munsi mwake mwada bii. Ndinaliyeza m'dzanja monga ndinkaonera Agya Ofosu, ndipo linali lopepuka.

M'mawa ndinamuitana.

"Adubea, babu ili unaligula kuti?"

"Kusitolo ija, Madamu."

"Ndiyang'ane. Unaligula kuti?"

Anandiyang'anadi, maso ali gwa. "Mwina anasakaniza, Madamu. Masiku ano zachinyengo zachuluka. Ndikawafunsa."

"Mwana iwe, ine ndakuphunzitsa malamulo khumi uli kamwana. Ngati pali chimene ukuchita, leka lero. Kuba si kuthyola chitseko kokha. Ndipo chimene chachitika patebulo langa chikanachitika pabedi la munthu."

"Mukunditcha wakuba, Madamu?" Misozi inalengeza pomwepo, yokonzeka kale. "Ine ndimangothandiza anthu."

Ndinamusiya. Ndinaganiza za mayi ake, amene anali kale ndi katundu wokwanira pamutu, ndipo ndinati ndisawonjezere. Ndinati ndidzawauza ndikapeza umboni. Chimenecho ndi cholakwa changa, ndipo sindichibisa.

Amene sanafune umboni ndi Agya Ofosu. Babu lija linali pamwamba pawo usana ndi usiku. Analiona likuyamba kuphethira, analimva likulira, anaona pulasitiki yake ikusanduka yachikasu kenako yakuda. Anayamba kumenya supuni ngakhale magetsi asanathime, ndipo munthu akalowa ankaloza kudenga akubuula, "Aa! Aa!"

"Akufuna chiyani bambo akowa?" anafunsa Maame Korantemaa. "Iwe ndiwe umawamva."

"Akuti kukutentha, Maa. Akufuna fani."

Anawayatsira fani. Agya Ofosu anapukusa mutu, misozi ikutsikira m'makutu. Akazi awo anawapukuta n'kunena kuti matendawa amaliritsa munthu popanda chifukwa.

Tsiku lina Adubea akuwamwetsa phala, anamugwira mkono. Dzanja lamanzere lija linali likadali ndi mphamvu za munthu wopinda mawaya. Anamutambasula chikhatho, n'kuchikweza, kuchitsitsa, kuchikweza, kuchitsitsa, ngati muli chinthu chimene akuyeza. Kenako analoza kudenga, maso ali pa iye.

Adubea anayang'ana kukhomo ngati mayi ake ali pafupi, n'kunong'ona, "Mawa ndisintha, Paapa. Ndikulonjeza. Musandiyang'ane choncho."

Ndipo mawa lake anapitadi kuseri kwa positi ofesi n'kugula babu labwino, lolemera, ndi ndalama zake. Akanangolowa nalo m'chipinda cha bambo ake, bwenzi ine ndilibe nkhani yolemba. Koma sabata imeneyo ndi imene anagula foni ija, imene anauza mayi ake kuti wabwereka. Akadzijambula m'chipinda mwake, babu la Kissi linkalemba mizere yakuda pa kanema, nkhope osaoneka bwino. Anaima pakhonde ndi babu labwino lija m'manja, chitseko cha bambo ake kuno, chake uko. Anati aliyese kaye tsiku limodzi lokha. Analiika pamwamba pa galasi lake, ndipo nkhope inatuluka yosalala, anzake n'kumuyamikira. Tsiku limodzi lija linakhala sabata, sabata inakhala mwezi.

Inafika nyengo ya mphepo youma ya hamatani, pamene milomo imang'aluka, matabwa amalira okha, ndipo mpopi umatulutsa madzi kawiri pa sabata. Loweruka lina Maame Korantemaa anavala nsalu yawo yakuda kupita kumaliro ku Suhum.

"Ndibwera dzuwa lisanalowe," anauza Adubea. "Usachoke pakhomo. Ngakhale wina akuitane kuti kwagwa ndalama mumsewu, bambo ako usawasiye okha."

"Ndipita kuti, Maa?"

Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Chakumasana foni ija inalira. Anali Kissi.

"Sista, katundu watsopano wafika, makatoni awiri okha. Pali mtsikana wina wa ku Adweso waima pano ndi ndalama m'manja. Ndimupatse?"

"Sindingachoke, Bra Kissi. Ndili ndi Paapa."

"Athawira kuti bambo akowo? Mphindi makumi awiri zokha wabwerera. Kapena bizinezi yakukulira? Ndiuze ndipeze wina wochangamuka."

Adubea anavala nsapato. Atasuzumira m'chipinda, bambo ake anaona chikwama paphewa. Analoza kukhoma, pa swichi imene anaiika okha ndi manja awo zaka zapitazo, n'kuchita chala chopinda pansi. Ankapempha kuti azimitse asanachoke.

"Ndikazimitsa, anthu adziwa bwanji kuti magetsi abwera?" anatero Adubea akuseka, akudzipaka mafuta m'milomo. "Mukufuna kujomba kuntchito, Paapa? Ndikubwera pompano."

Anatseka chitseko ndi loko kuopa akuba, makiyi m'chikwama, ulendo.

Ine ndinali m'chipinda mwanga, zovala za kutchalitchi zili pabedi, ndikudikira magetsi. Itangodutsa thuu koloko, supuni inalira: ngwe! ngwe! ngwe! Ana anafuula pabwalo. Ine ndinakuwa, "Tamva, Agya! Zikomo!" n'kulumikiza simbi. Ndinaona kuti babu langa lawala mopitirira muyeso kenako n'kubwerera, koma sindinasamale, timaziona kawirikawiri.

Supuni sinasiye. Ngwe-ngwe-ngwe-ngwe, mofulumira. Mayi wina wa chipinda choyandikana nacho anaseka pawindo. "Lero Agya asangalala! Tamva, bambo, tamva, pumulani!" Ine ndinapitiriza kusita. Kenako kulira kuja kunasintha. Sikunalinso kwa chitsulo, kunali kogonthera, kho, kho, kho, ngati supuni ikumenya simenti. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinamaliza kaye bulauzi yonse, manja ake ndi kolala yomwe. Bulauzi imeneyo sindinaivalenso.

Kenako ndinamva fungo lija. Ndinalidziwa nthawi yomweyo, fungo lokanda pakhosi la patebulo langa. Nditatuluka, utsi wakuda unali tolotolo pawindo la Agya Ofosu.

"Moto! Moto kwa Agya!"

Chitseko chinali chokhoma. Mawindo anali ndi zitsulo zotchinga akuba. Tinafuula dzina la Adubea, osayankha. Abambo awiri ochokera kumalo odyera a kutsidya kwa msewu anabwera ndi minsi yosinjira fufu, nsima ya chinangwa, n'kuyamba kumenya chitseko. Azimayi tinakhuthula migolo yathu yonse, madzi amene tinasunga a sabata yathunthu, ndowa ndi ndowa kudzera pawindo. Pamene chitseko chinkagwa, supuni inali itasiya kalekale.

Neti inali itatheratu, matiresi a siponji akuyaka lawilawi, siling'i yamatabwa itagwira. Pamene panali babu panatsala chibuma chakuda chikudontha. Koma pabedi panalibe munthu. Tinawapeza pansi, kutsinde kwa khoma. Munthu wakufa mbali imodzi uja anadzigwetsa pabedi, n'kudzikoka ndi mkono umodzi chipinda chonse mpaka pansi pa swichi. Supuni inali pambali pawo, dzanja litatambasukira m'mwamba pakhoma. Panatsala pang'ono, koma swichi ili pamsinkhu wa munthu woimirira.

Anali akupumabe pamene tinawanyamulira mutakisi. Anamwalira tisanafike pachipata cha chipatala, mutu wawo uli pamiyendo panga.

Amene anatsala pakhomo anandiuza kuti Adubea anatulukira ozimitsa moto akupinda mapaipi awo, katoni ili pamutu, foni kukhutu. Ataona chitseko chili pansi, katoni ija inagwa, mababu n'kumwazika bwalo lonse. Sanasweke n'komwe, ankangogubuduzika ndi mphepo. Anagwada pafumbi akuitana, "Paapa! Paapa!" koma panalibe womuyankha. Kwa mayi ake ananena kuti anangothamangira kukagula mankhwala, ndipo katoniyo wina anamutuma.

Lolemba Adubea anapita kwa Kissi, maso atatupa.

"Babu lanu lapha bambo anga."

Kissi anayang'ana ngati pali amene akumva, n'kutsitsa mawu. "Langa? Ine ndinaliika m'nyumba mwanu? Ndinakhoma chitseko ndine? Unaliyeza wekha m'dzanja, ndinakuona. Choka pano, sista, ukundithamangitsira makasitomala." Mawa lake tebulo lija panalibe. Akuti analiona ku Nkawkaw, thabwa lake likuwala monga kale.

Kwathu kuno, pa tsiku lachisanu ndi chitatu munthu atamwalira, achibale amasonkhana kukonza za maliro. Dzulo lake ine ndinkathandiza Maame Korantemaa kukonza m'nyumba. Moto unali utadya chipinda chimodzi chokha, cha Adubea sichinakhudzidwe. Tinalowamo kuti tisunthe bedi, alendo adzapeze pogona. Titanyamula matiresi, pansi pake panali timabokosi ta mababu abwino, topindidwa bwinobwino, tambirimbiri.

Maame Korantemaa anayang'ana timabokosito. Kenako anakweza maso. Pamwamba pa galasi panali babu, likuyaka mwakachetechete, osaphethira, osalira.

"Madamu, tandichotserani ilo."

Ndinazimitsa, kukwera pampando, n'kulichotsa ndi nsalu. Anatuluka nalo panja, n'kutola lina mwa aja anamwazika pabwalo, amene ana anawaunjika pakona. Zaka makumi awiri ndi zisanu anakhala ndi mwamuna woyeza mababu, sanafunike kuphunzitsidwa. Anayeza kamodzi kokha.

"Adubea!"

Anatulukira kukhitchini, manja ali ndi sopo. Anthu a m'bwalo anali panja, ena akusesa, ena akuyala mipando. Onse anaima.

"Tambasula manja."

"Maa..."

"Tambasula manja, mwana wanga."

Anatambasula. Mayi ake anamuika babu kudzanja ili, lina kudzanja linalo. Mawu awo sanakwere ngakhale pang'ono, ndipo ine ndikanakonda akanakuwa.

"Lolemera ndi liti?"

Adubea anayang'ana pansi. "Ili, Maa."

"Limeneli linali kuti?"

"M'chipinda mwanga."

"Nanga la mtundu uwu linali kuti?"

Adubea anakhala pansi.

"Ndiye unkadziwa," anatero Maame Korantemaa. "Bambo ako akuloza kudenga, ine n'kumakufunsa kuti akufuna chiyani, iwe unkadziwa. Unandiyatsitsa fani."

Pamenepo zonse zinatuluka. Anaulula za chenji, za ndolo, za timabokosi, za foni, za dzanja la bambo ake likuyeza chikhatho chake, za chala chawo chopempha kuti azimitse. Ankagubuduzika pafumbi akugwira mapazi a mayi ake. "Ndinagula lawo, Maa! Ndinagula, linali lawo limeneli! Ndinkati mawa, ndinkati mawa!" Palibe amene anamumenya, palibe amene anamutukwana. Mayi ake anachotsa mapazi awo pang'onopang'ono, n'kulowa m'chipinda chopsa chija, n'kukhala pansi pafupi ndi khoma. Kulira kumene kunatuluka mmenemo sindikufuna kudzakumvanso.

Madzulo omwewo Adubea anatenga kampando kake n'kuyamba kugogoda pa zitseko zathu monga kale, koma tsopano kudzachotsa. Khomo ndi khomo, m'bwalo mwathu ndi kwa azimayi a kutchalitchi, ankanena yekha chimene anachita asanakwere pampando. Ena anamutsekera chitseko pamaso. Foni anaigulitsa n'kugulira anthu mababu abwino mpaka pamene inathera. Lamlungu lotsatira maliro anaima kutsogolo kwa mpingo n'kulapa, ndipo ine ndikukhulupirira kuti Mulungu anamva.

Mayi ake anamukhululukira patapita miyezi. Lero amagulitsa kenke limodzi pamphambano, ndipo Adubea sabisa ngakhale kakobidi. Koma kukhululuka sikunadzutse Agya Ofosu. Mtsikana amene ankaimba m'mawa uja saimbanso, ndipo akamva supuni yagwa pansi amatuluka panja.

Ana anga a Sande sukulu, ndi inu achinyamata nonse amene mwerenge izi, ndikuchenjezani mosabisa. Adubea sanadzuke tsiku lina n'kuganiza zopha bambo ake. Anangoba chenji, n'kuika chinthu chabodza m'kabokosi koona. Kuti abise kubako ananama, kuti abise bodzalo anatseka pakamwa munthu wosayankhula, ndipo atapeza mpata wokonza anati mawa. Makolo akakutumani, gulani chimene akutumani ndipo bwezani chotsala. Wina akakuuzani kuti palibe amene wabedwa, thawani, ameneyo sadzaima nanu tsiku la maliro. Ngati pali chimene mwabisa pansi pa matiresi, kachitulutseni lero, dzuwa lisanalowe. Ndipo inu akuluakulu anzanga, mukaona mwana wayamba kupotoka musachite ngati ine, kudikira umboni.

M'bwalo mwathu magetsi amathimabe, ndipo amabwerabe. Koma akabwera palibenso amene amafuula, ngakhale ana. Aliyense amangoona yekha babu lake layaka, n'kukhala kaye chete, khutu lili ku chipinda chija.